Sabina walima pamanda a eni ku Holland

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, ndimakhala kufupi ndi msika wa Thuchila kuno ku Mulanje. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Ndinayamba ndi kuthyola masamba, ndinapuma ndili kapitawo wa anthu odulira. Sindine munthu wolembalemba ku nyuzipepala, koma nkhani yandigwerayi aliyense amene ndamufotokozera amayamba waseka kaye, pomwe ine sindikuonapo choseketsa.

Mwana wanga wamkazi, Sabina, anachita mwayi. Atamaliza digiri yake ya zaulimi anamusankha kukapitiriza maphunziro a ulimi wothirira ku Holland, ndipo ananyamuka kumapeto kwa Ogasiti. Sukulu yakeyo ili ndi dongosolo loti ophunzira ochokera kutali azikhala m'mabanja a anthu akumeneko chaka choyamba, kuti azolowere msanga. Sabina anamupereka m'manja mwa mayi ena amasiye, dzina lawo a Annette, namwino wopuma, amene amakhala ndi mwana wawo wamkazi, Lucy, ndi galu mmodzi.

Pomulongezera katundu mkazi wanga, amayi ake a Sabina, anaikamo nandolo, makaka ndi zitenje. Ine ndinaikamo khasu. Musaseke, Aphungu. Linali khasu labwino la ku Mozambique, ndinaligula ku Muloza, mpini ndinasema ndekha waufupi kuti ukwane m'sutikesi. Sabina anati, "Ababa, kumeneko amalima ndi mathirakitala." Ine ndinati, "Thirakitala ndi ya eni ake. Iwe ukupita kukaphunzira ulimi, ukafike chimanjamanja ngati wopita kuukwati?" Anachotsa juzi imodzi kuti khasu lilowe.

Masiku oyamba zinthu zinayenda bwino. Anthuwo anakamulandira kubwalo la ndege ndi maluwa, anamupatsa chipinda chakechake, kiyi wa nyumba ndi njinga. Tinkalankhulana pa foni ya vidiyo tsiku lililonse, ine nditakhala pakhonde la golosale ya a Kingstone, poti ndi pomwe foni imagwira bwino. Ankatiuza zodabwitsa. Akuti m'mawa buledi, masana buledi yemweyo, ndipo palibe amadandaula. Akuti ngakhale nduna zimapalasa njinga, pomwe kuno munthu ukapalasa njinga ndi jekete amati zakuvuta. Mayiwo anamuuza kuti aziwatchula dzina, Annette basi, ngati mnzake wa ku pulayimale, koma pakamwa pa mwanayo pamakana, amangoti amayi. Tsiku lina anagwada popereka tiyi, mayiwo nawonso n'kugwada, kuyamba kufufuza pansi pa tebulo, kuyesa kuti mwanayo wagwetsa ndolo. Tinaseka mpaka amayi ake anatsamwa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mwanayo sankagwira ntchito iliyonse. Mbale makina, zovala makina, pansi pamayenda kachinthu kozungulira kamene kamasesa kokha. Ine ndinakula ndikudziwa kuti kudya kwa eni manja ali m'thumba n'kutukwanitsa makolo ako.

Ndiye tsiku lina akundionetsa nyumba pa vidiyo anatulukira khomo la kuseri. Aphungu, ndinaona thengo. Malo oti banja la kuno likhoza kukololapo chimanga chodya mpaka Khirisimasi angokhala tchire: udzu wofika m'chiuno, zomera zouma ndi njere zake, minga, njuchi ponseponse, ndipo pakona chitsamba china chachikulu chotambalala ngati chopanda mwini, pansi pake pali kabenchi. Nyumba zoyandikana nazo kapinga wometa bwinobwino. Sabina anandiuza kuti mayiwo amakonda kukhala pabenchipo m'mawa ndi kapu ya khofi, kumangoyang'ana tchirelo. Ndinati waona, akudandaula kuti adzawalimira ndani. Mtima unandipweteka. Mayi amasiye, opanda mwamuna wowalambulira, aneba ali pomwepo osathandiza. Kuno kwathu malo ndi ochepa, konse kwabwino kuli tiyi, munthu amadzala chinangwa mpaka pakhomo pa chimbudzi. Komanso unali Seputembala, mwezi woti wanzeru aliyense ali kusosa.

Loweruka lina mayiwo ndi Lucy anapita kukaona achibale, kukagona komweko. Ndinamuuza Sabina kuti mwayi ndi umenewu. Iye anati, "Ababa, bwanji tidikire abwere ndiwafunse kaye? Anthu akuno chilichonse amafunsana." Ine ndinati, "Wofunsa kuti 'ndisese?' ndi waulesi, amafuna amuyankhe kuti siya. Ntchito umangogwira, mwini wake akadzaona adzadziwa kuti unachokera kwa anthu." Anati, "Komatu ababa, ndikuopa." Ndinati, "Kodi digiri ija yakuumitsa msana?"

Anaimika foni pampanda, ine ndikuyang'anira ndili ku Thuchila. Sindikunama, mwanayo analima. Anasosa, anazula, anaunjika zinyalala milumilu, anagalauza, n'kuunda mizere yowongoka ngati wakoka chingwe. Chitsamba chija ndinamuuza achidulire ngati tiyi, chofika m'mawondo, pamwamba pali thyathyathya ngati tebulo. Anthu anadzaza pagolosale kudzaonerera. A Kingstone anati, "Azungu aja akadzaona zimenezi amumangira nyumba mwanayu." Mzungu wina wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kanthu m'chinenero chawo n'kubwerera. Ine ndinati akuyamikira. Milu ija ndinafuna aitenthe, koma kunayamba kuwaza mvula.

Eni nyumba atabwera, Sabina anawatengera kuseri akumwetulira. Akuti mayi Annette anaima pakhomo chikwama chili m'manja. Kenako anapita pa chitsa cha chitsamba chija, anachigwira, n'kukwera kuchipinda kwawo. Galu naye akuti anakana kuponda mizere. Lucy ndiye anamukhazika Sabina pansi. Anati, "Sabina, bambo anga, a Dan, anamwalira chaka chatha. Kuno ambiri timatentha mtembo. Phulusa lawo tinaliwaza kuseri kuja monga anapempha okha. Maluwa akutchire aja anafesa ndi iwo, chifukwa ankakonda njuchi ndi agulugufe. Chitsamba chija anadzala chaka chimene ine ndinabadwa."

Aphungu, mwana wanga walima pamanda. Ndi khasu langa.

Mayiwo sanamukalipire. Moni amamupatsa, chakudya amamusiyira chovundikira, koma makatani a zenera loyang'ana kuseri satsegulidwanso, ndipo patebulo pamangomveka masupuni. Auza a sukulu oona za ophunzira akunja, ndipo sabata ya mawa kuli msonkhano woti aone ngati Sabina apitirize kukhala pamenepo kapena amusamutsire ku hositelo, komwe sadziwa munthu aliyense, chisanu chili pafupi. Lucy atamufunsa kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti, Sabina anati, "Ndinaganiza ndekha." Sananditchule. Chindifotokozereni zonsezi, foni ya vidiyo sakuyankhanso. Amangolemba kuti, "Ndili bwino ababa, ndatanganidwa."

Kunonso kwavuta. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, ndiye atsibweni ake a Sabina, alamu anga a Jailos, anatulukira ndi njinga osaitanidwa. Anati, "Alamu, mwana wa mbumba yathu mwamulowetsa pamanda a eni, popanda mwambo, popanda mdzukulu. Apa pafunika mbuzi ndi nkhuku yoyera." Ndinati, "Mbuziyo ikwera ndege iti?" Iwo anati, "Khasu linakwera iti?" Amayi ake a Sabina akulira kuti mwana abwerere asanayambe kulota malemuyo. Mkulu wa mpingo wathu akuti pomwe palibe mafupa si manda, tisavutike. Atatuwa amatsutsana tsiku lonse, koma akatopa onse amathera kuyang'ana ine.

Inetu sindinafune choipa. Manda opanda mtanda, opanda mwala, opanda ngakhale mbale yobowola, munthu angadziwe bwanji? Ndiponso kwathu kuno kulambula pamanda ndi ulemu. Chitsamba chodulira chimaphuka bwino kuposa chosiyidwa, izo ndikudziwa, ndi ntchito yanga. Maganizo anga ndi oti ndimuuze Sabina alongeze katundu achoke yekha msonkhano usanachitike, chifukwa wochoka yekha amachoka ndi ulemu wake. Kapena ndimvere alamu anga nditumize chipepeso, nanga chotani? Ndithandizeni. Mwanayu mwayi umenewu anauvutikira, ndipo mayi aja anali atayamba kumukonda. Anamulukira ngakhale chipewa cha chisanu.

W.K.N., Thuchila


Akapitawo,

Mwandipempha kuti ndisaseke, ndipo ndayesetsa. Pa buledi ndinadzigwira, pa ndolo ndinadzigwira, koma alamu anu atafunsa ndege imene khasu linakwera ndinalephera. Mundikhululukire. Ndiyeneranso kukuyamikirani: akatswiri akhala akuchititsa misonkhano m'mahotela kukambirana mmene foni ingatukulire ulimi, osadziwa kuti pakhonde la a Kingstone pali munthu amene wayang'anira kale munda wa ku Ulaya ali ku Thuchila, n'kuumaliza tsiku limodzi.

Tsopano tisiye kuseka, poti pali mayi amene atseka makatani ndi mtsikana amene chakudya sichikutsika.

Mwafunsa kuti munthu angadziwe bwanji. Funsolo ndikubwezerani. Imani pamsewu kwanu komweko muyang'ane uku ndi uku: chimanga, nandolo, chinangwa mpaka pakhomo pa chimbudzi, monga mwanenera nokha. Ndiye mukaona kachigawo ka mitengo yowirira pakati pa minda, kosadulidwa, ziyangoyango zili pomwepo, ngakhale mwana wa sitandade wanu amadziwa kuti ndi chiyani. Palibe amati eni ake ndi aulesi. Mayi wosowa nkhuni amadutsa pamenepo osatola ngakhale kanthambi. Ku Holland malo ndi osowanso ngati kwanu, mwina kuposa; mbali ina ya dziko lawo anachita kulanda kwa nyanja, kuitchinga ndi kupopa madzi. Munthu wotero akasiya tchire kuseri kwa nyumba, pakati pa aneba ometa kapinga, n'kuikapo benchi, n'kumakhalapo m'mawa uliwonse, sanaiwale kulima. Chizindikiro chinalipo, akapitawo, ndipo chinali cha kwanu komwe. Chimene chinakupusitsani ndi maso a ku esiteti. Zaka zonse zija, chomera chilichonse chopitirira m'chiuno kwa inu chinali mlandu.

Zoti kulambula pamanda ndi ulemu n'zoona. Koma amalambula ndani? Eni ake, tsiku lopangana, atagwirizana pabanja. Tayerekezani mlendo wochokera ku Karonga wafikira kwanu, inu mwapita ku Limbe, pobwera mwapeza wagwetsa mitengo ya pamanda a apongozi anu n'kudzalapo chinangwa, mizere yowongoka ngati wakoka chingwe. Mungamumangire nyumba?

Mwambi wanu uja, woti wofunsa ndi waulesi, ndi wabwino pa tsache ndi pa mbale. Pa chinthu chosabwezeka sugwira ntchito. Ndipo mwana wanu anadziwa. Anati tidikire. Munamutumiza kukaphunzira kwa anthu amenewo, phunziro loyamba analigwira asanathe ndi mwezi womwe, inu n'kumulepheretsa mayeso ndi chiganizo chimodzi cha msana ndi digiri.

Apa ndiye pagona nkhani. Mayi Annette sakulira maluwa okha. Akudzifunsa kuti, kodi ndingapitirize kusiya kiyi ndi mtsikana amene ndikangotuluka amasanduliza pakhomo panga osafunsa? Yankho la funso limenelo ndilo lidzagamule msonkhano uja. Yankho loona lili m'kamwa mwanu: mtsikanayo anafuna kufunsa, bambo ake anamuletsa. Sabina sanganene zimenezo. Munamulera bwino mopitirira muyezo, moti angalole kuzizidwa yekha ku hositelo kusiyana n'kuti aloze bambo ake chala pamaso pa alendo. Akusenza mtolo wanu. Ndiye musadabwe kuti sakufuna kuona nkhope yanu pa foni. Akaiona alira kapena akalipa, ndipo zonse ziwiri sanazolowere kuchita pamaso panu.

Choncho zolongeza katundu ziiwaleni. Kuchoka mwakachetechete kuno timati ulemu, koma mayi aja adzangoona kuti mtsikana wawononga n'kuthawa. Ndiponso tinene zoona, ulemu umene mukufuna kuupulumutsa pamenepa si wa Sabina.

Yambani ndi mwana wanu, lero lomwe. Poti vidiyo sakuyankha, mutumizireni mawu ojambula, afupi: "Mwanawe, unanena zoona, ine ndinalakwa. Ndikufuna ndiwauze mayiwo ndekha." Ndikudziwa kuti mawu amenewa pakamwa pa kapitawo amatuluka ngati dzino lam'kati, koma likatuluka mumagona bwino. Mukajambulire kumunda kapena kuchipinda, osati pagolosale. Nkhaniyi siikufunanso oonerera.

Kenako Sabina apemphe Lucy kuti afunse amayi ake ngati angalole kulankhula nanu msonkhano usanafike. Afunse, akapitawo. Ndi mawu atsopano kwa inu, koma muwazolowera. Anthu aja ngakhale kukaona mlongo wako umayamba wapangana naye tsiku, ndiye musangoliza foni ngati mukuitanira othyola tiyi ku sikelo. Akakana, musakakamire. Jambulani uthengawo, Lucy ausunge, mayiwo adzaumvere tsiku limene mtima wawo walola.

Akalola, valani jekete la ku tchalitchi, chipewa chikhale m'manja, amayi ake a Sabina akhale pambali panu. Lankhulani Chingerezi chanu cha ku esiteti chomwecho. Musachite nacho manyazi, nawonso n'chobwereka, kwawo ali ndi chinenero chawo. Musadzere mwa Sabina kuti azimasulira, chifukwa adzasefa mawu anu kuti akutetezeni, mukati "ndinalamula" iye adzati "tinaganiza." Nenani kuti munalamula ndinu, kuti mwana anapempha kudikira inu n'kumunyoza, ndi kuti mwamva chisoni. Mawu akuti "koma" asatuluke. Za kuwongoka kwa mizere ayi. Za aneba osathandiza ayi. Makamaka musayerekeze kunena kuti chitsamba chija chiphukanso bwino kuposa kale. Mwina chiphuka, mwina ayi. Si tiyi, ndipo ngakhale dzina lake simulidziwa. Ngakhale chitaphuka, nthambi zimene a Dan ankazigwira ndi manja awo zili pamulu. Woferedwa mwana sumuuza kuti udzabereka wina.

Mpata ukapezeka, auzeni mmene kwanu mumasungira mitengo ya pamanda, kuti nanunso akufa anu mumawasiyira tchire. Osati podziteteza, koma kuti adziwe kuti mukumvetsa kukula kwa chimene mwachita. Ndipo funsani za a Dan. Anali munthu wotani, njuchi anazikonderanji. Amasiye ambiri, kuno ndi kunja komwe, anthu amawazembetsa dzina la malemu ngati lili ndi minga, pomwe iwo akulakalaka wina atalitchula.

Tibwere kwa mbuzi. A Jailos akulondola kuti pafunika chipepeso, angolakwitsa mtundu wake. Mbuzi itafika kuseri kuja ingamalize zimene khasu linasiya. Ndalama ndiye musayese n'komwe, mayiwo adzamva ngati mukugula phulusa la mwamuna wawo. Chipepeso chimene chingalandiridwe ndi manja a Sabina, koma kapitawo wake akhale mayi Annette. Pakali pano asakhudze chilichonse. Asafafanize mizere usiku kuti akonze zinthu mwachinsinsi, uko kudzakhala kulima kachiwiri osafunsa. Milu ija asaichotse, chifukwa njere za maluwa a malemuyo zili mmenemo, ndipo mvula imene inakuletsani kutentha ija muziitchula m'mapemphero anu oyamika. Angonena kamodzi kuti, "Tsiku limene mudzafune kuti tikonze mudzandiuze chochita, ndidzachita chomwecho." Likhoza kukhala mwezi wamawa, likhoza kukhala chaka chamawa, mwinanso silidzafika.

Pamsonkhano paja palinso mbuna imene mwana woleredwa bwino amagweramo. Adzamufunsa kuti, "Nanga iwe ukufuna chiyani?" Mwana wa kwanu adzayang'ana pansi n'kunena kuti, "Chilichonse chimene mungaone akuluakulu." Kuno timati khalidwe. Kumeneko adzamva kuti nyumbayo sakuifuna, n'kumulembera hositelo mokondwera kuti amuthandiza. Muuzeni kuti ngati akufuna kukhala, adzutse mutu anene kuti akufuna kukhala, ndipo anene chifukwa chake. Ngati n'chifukwa cha chipewa chija, anene chomwecho. Chilolezo choyang'ana akuluakulu m'maso chichokere kwa inu, poti ndinu munamuletsa ali mwana.

Amayi ake a Sabina atonthozeni. Munthu amene anapempha kuti akagone pakati pa njuchi ndi agulugufe sindikumuona akuthamangitsa mwana wa sukulu kumaloto. Chimene chingadwalitse Sabina ndi kudya patebulo la zii ndi kusowa womuuza zakukhosi. Amayi akewo azimuimbira paokha, azicheza za mitengo ya nandolo pamsika ndi za amene akwatirana pamudzi, osamufunsa kuti walota chiyani. Mkulu wa mpingo uja mukamuuze kuti manda ndi pomwe wamasiye amakhala m'mawa. Za mafupa aziwasiyira madokotala.

Inunso, nkhaniyi ikatha, mupume pa ntchito kachiwiri. Foni ya tsiku ndi tsiku ichepe, Lamulungu likwana. Mwana amene akuphunzira kukhala kwa eni sangamvere nyumba ziwiri nthawi imodzi. Adzalakwitsa zina ndithu, adzathira mchere posayenera, adzakwera sitima yolakwika, koma zikhale zake. Kulakwa kwako kumakuphunzitsa, kobwereka kumangopweteka.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Kupepesa si golosale, kuti ukapereka ulandira katundu. Mayi Annette akhoza kukumverani bwinobwino, n'kukhululuka ndi mtima wonse, komabe n'kunena kuti sangathe kumaonana ndi mtsikanayo m'mawa uliwonse pafupi ndi zenera lija. Ali ndi ufulu. Zikatero Sabina apite ku hositelo dzina lake litayera, ndipo inu musadzawatchule mayiwo ouma mtima pamaso pa anthu. Komabe mwayi ndikuuona. Munthu amene akuvundikirabe chakudya cha mwana womulakwira sanatseke chitseko. Akudikira kumva chifukwa.

Mukadzamaliza kulankhula pa foni paja, mwina kudzakhala zii nthawi yaitali. Musaigwedeze foniyo, musakuwe kuti halo halo, musatume munthu kukagula mayunitsi. Mukudziwa mmene timachitira tikafika pakhomo pa woferedwa: timakhala pansi pambali pake, osanena kanthu, mpaka iye ayambe yekha. Khalani choncho, ngakhale miyendo ichite dzanzi.

Aphungu